Mbiri ya Dothi la Tsabola ku Mitundu ndi ku Nathenje

Munthu woyenda lero m'midzi ya kwa Chiseka ndi kwa Chadza, kuchokera pamsika wa Mitundu, kulambalala phiri la Bunda, kufikira kukatulukira pamsewu waukulu pa Nathenje, adzaona kuseri kwa nyumba zina matumba akale a feteleza ndi ndowa zobooka zitandandalikidwa m'mbali mwa mpanda, tsabola ali biriwiri m'menemo ngakhale dzuwa la chilimwe likuswa mtengo. Ndipo akafunsa kumene idachokera nzeru yosakaniza dothi la m'matumbawo, ambiri adzati idadza ndi alangizi, pamene choonadi nchakuti alangiziwo adaipeza ili kale m'manja mwa anthu, itaphunziridwa pang'onopang'ono padzala, panazale ya fodya, ndi m'machubu a mbande za mitengo.

Tsabola, ngakhale tidamzolowera kotero kuti kambuzi timamuyesa mbadwa, kwawo ndi ku America, ndipo adaoloka nyanja m'zombo za Apwitikizi, amene adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'zaka za m'ma 1530 nachita malonda ndi Amaravi. Makolo athu sadamuyese mbewu yoilimira munda, koma adamlola kumera yekha padzala, pamene amayi ankataya phulusa la kumafuwa, madeya, zitosi za nkhuku ndi zinyalala za pabwalo. Ndipo wofesa wake adali pumbwa, pakuti mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola, zimameza zipatso ndi kukagwetsa njere zamoyo kumene zatera. Amayi amene adaona kuti tsabola wapadzala amabala mosaleka, pamene wapakatondo wouma amapinimbira, adazindikira, popanda wowauza, kuti nthaka yabwino munthu angathe kuipanga ndi manja ake.

Phunziro lachiwiri lidadza ndi fodya. Mu 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, adatsegula munda ku Mbabzi nayamba kugawira anthu a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa, ndipo ulimiwo udafalikira msanga m'chigwa chonse cha Lilongwe kufikira boma la atsamunda lidakhazikitsa Native Tobacco Board mu 1926. Popeza njere ya fodya ndi yaing'ono koposa, yosatheka kuibzala m'munda monga chimanga, mlimi adakakamizika kuphunzira mwambo wonse wa nazale: kusankha malo kudimba, kugaula ndi kuphwanya zibuma, kuunjika mapesi ndi kuwatentha pabedi kuti moto uphe njere za udzu ndi tizilombo tam'nthaka, kuphimbira ndi udzu wosalala, kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndi kuchepetsa madzi pomalizira kuti mbande zikhwime zisanawokeredwe. Akulu adati m'mera mpoyamba, ndipo mwambiwu panazale udaoneka ndi maso. Tomato, kabichi ndi tsabola za m'madimba a Diamphwe ndi Nathenje zidalowa m'dongosolo lomwelo.

Ufulu utabwera, sukulu ya zaulimi idatsegulidwa pa Bunda m'zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1968 idayamba ntchito yaikulu ya Lilongwe Land Development Programme, yothandizidwa ndi World Bank, imene idadzetsa misewu, zitsime, alangizi ndi ngongole za feteleza. Ndipo pamene thumba la m'sitolo lidayamba kuchita m'masiku owerengeka chimene khola linkachita m'miyezi, ambiri adayesa manyowa chinthu cha amphawi. Koma nyengo yomweyo idabweretsanso chubu chakuda chapulasitiki, pakuti kuyambira 1976, pamene tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse lidakhazikitsidwa, ana asukulu ndi anthu a m'midzi adazolowera kudzaza machubu ndi dothi lapamwamba, mchenga wakumtsinje ndi manyowa owola. Apa ndipo padadziwika kuti muzu wotsekeredwa sungapite kukadzifunira chakudya kutali, ndi kuti makande okhaokha, amene m'dambo amabala bwino, m'chubu amagwirana nauma gwa, kapena kusunga madzi mpaka muzu kuwola.

Zimene zidabwezera anthu kukhola ndi mtengo wa feteleza ndi kuchepa kwa malo. Paprika, mtundu wina wa tsabola, adalowa m'minda ya chigawo chapakati m'zaka za m'ma 1990, anthu akufuna china choonjezera pa fodya. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 1.6 miliyoni m'boma la Lilongwe, kupatula a mumzinda. Ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu mu 2022 ndi mu 2023, mtengo wa thumba la feteleza udakwera kufika posafikirika. Pamenepo maina a manyowa, a chimato, a changu, a m'dzenje ndi a Mbeya, amene amapangidwa ndi ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono nasungidwa m'thumba lomangidwa kwa masiku 21, adamveka m'kamwa mwa aliyense.

Wodzaza thumba la tsabola lero amatenga magawo awiri kapena atatu a dothi lakuda la pansi pa mtengo, gawo limodzi la manyowa ndi limodzi la mchenga, nawaza phulusa lodzaza dzanja, nasakaniza ndi khasu mpaka mtundu ukhale umodzi. Kenaka amafumbata pang'ono m'dzanja, ndipo likagwirana koma nkumwazika polikhudza ndi chala, amadziwa kuti lafika. Amanunkhiza manyowa, pakuti aawisi amatentha mizu. Amaboola thumba kunsi kuti madzi azituluka. Sachulukitsa zitosi, kuopa tsabola wa masamba ambiri wopanda zipatso. Ndipo koposa zonse satapa dothi pamene padali fodya, tomato kapena mbatata ya kachewere, chifukwa mbewu zimenezi ndi za banja limodzi ndi tsabola ndipo zimasiyirana matenda ofotetsa ndi njoka zam'mizu, kotero kuti fodya yemwe adaphunzitsa luso la nazale ndiye amene dothi lake limakanidwa.

Achinyamata ena amati tsabola wakale sawawa, nayesa kuti zonsezi zidayamba ndi iwo. Koma chatsopano m'nkhaniyi si luso ayi, ndi mtengo wa zipangizo zake. Ndowe zimene kale mwini khola ankathokoza womuchotsera, lero zimagulidwa pangolo, gaga akulimbirana ndi oweta nkhumba ndi nkhuku, ndipo banja lopanda chiweto, ngakhale lidziwe kusakaniza koposa onse, liyenera kuyamba lapeza ndalama lisanadzaze thumba ndi limodzi lomwe.