Edward Lear, Mlakatuli Amene Anaseketsa Ana Akubisa Matenda Ake

Edward Lear anabadwa pa 12 Meyi 1812 m'dera la Holloway, kumpoto kwa mzinda wa London, m'banja la ana ambiri zedi. Ali ndi zaka 4, chuma cha bambo ake chinalowa pansi, ndipo mwanayo anaperekedwa m'manja mwa mlongo wake wamkulu, Ann, amene ankasiyana naye zaka 21. Ann ndiye anakhala mayi wake weniweni. Anamulera, anamuphunzitsa kuwerenga ndi kujambula, ndipo sanakwatiwe mpaka pamene anamwalira mu 1861.

Kuyambira ali wamng'ono, Lear ankadwala mphumu ndi khunyu. Masiku amenewo khunyu linali matenda ochititsa manyazi, choncho iye analibisa moyo wake wonse, ngakhale kwa abwenzi ake apamtima. Akamva kuti latsala pang'ono kumugwetsa, ankadzipatula n'kukadzitsekera yekha, ndipo m'buku limene ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ankangoikamo chizindikiro cha X.

Ntchito yake yoyamba inali yojambula mbalame. Asanakwanitse zaka 20 anali atayamba kale kujambula zinkhwe zamoyo kumalo osungirako nyama a ku London, ndipo pofika 1832 anali atatulutsa zithunzi 42 zimene akatswiri amazilemekeza mpaka lero. Luso limeneli ndilo linamutengera ku Knowsley Hall, kufupi ndi Liverpool, kumene bwana wina wolemera, amene pambuyo pake anadzakhala Earl of Derby, ankaweta nyama ndi mbalame zachilendo ndipo ankafuna wozijambula.

Akuti poyamba Lear ankadyera kumbali ya antchito. Eni nyumba anadabwa kuona kuti ana akangomaliza kudya ankathamangira komweko, ndipo atafufuza anapeza kuti mnyamata wojambula uja ankawalembera tindakatulo toseketsa n'kumajambula zithunzi pambali pake. Kuyambira pamenepo anayamba kumuitanira ku gome la eni nyumba.

Tindakatuloto tinali ta mizere isanu. Mzere woyamba, wachiwiri ndi wachisanu inkathera ndi mawu omveka mofanana, pomwe wachitatu ndi wachinayi inali yaifupi ndipo inkagwirizana payokha. Kawirikawiri kandakatulo kalikonse kankanena za nkhalamba kapena mayi wa kumalo akutiakuti amene anali ndi khalidwe lodabwitsa: wina ndevu zake zinakula mpaka mbalame kumangamo zisa, wina ankangovina ndi khwangwala. Mabuku ambiri a ana a nthawi imeneyo anali odzaza ndi malangizo ndi ziopsezo, koma Lear sanaikemo phunziro lililonse, ndipo ichi ndicho ana anamukondera. Komabe wowerenga wamkulu amaonamo china. M'ndakatulo zingapo muli khamu la anthu osatchulidwa maina limene limanyoza munthu wachilendoyo, kumukuwiza, mwinanso kumumenya kumene. N'zovuta kukhulupirira kuti munthu amene ankabisa khunyu analemba zimenezi mwangozi.

Mu 1846 anasonkhanitsa ndakatulozi m'buku lotchedwa A Book of Nonsense, koma anasainira dzina lopeka lakuti Derry Down Derry. Dzina lake lenileni linadzaoneka pa bukuli mu 1861. Mphekesera inafala yakuti mlembi wake ndi Earl of Derby, popeza zilembo za dzina lakuti Lear zikasinthanitsidwa zimapanga mawu akuti Earl. Tsiku lina ali m'sitima yapamtunda, Lear anamva bambo wina akuuza anzake motsimikiza kuti munthu wotchedwa Edward Lear kulibe. Iye anavula chipewa n'kuwaonetsa dzina lake lolembedwa m'kati mwake.

Mwiniwakeyo ankafuna kudziwika monga wojambula mapiri ndi zigwa. Maso ndi chifuwa zitamuvuta, anasamukira ku Rome mu 1837, ndipo anayenda ku Greece, Albania, Egypt ndi India akujambula. Mu 1846 anaphunzitsako Mfumukazi Victoria kujambula. Koma chimene dziko linasunga ndi ndakatulo ya kadzidzi ndi mphaka amene anayenda panyanja n'kukakwatirana, yotchedwa The Owl and the Pussy-cat, imene analembera kamwana ka mnzake John Addington Symonds ndipo inatuluka m'buku la 1871. Kadzidzi wake si uja wa malodza amene ambiri amamuopa akalira padenga usiku. Uyu ndi mkwati woimba nyimbo ndi gitala.

Lear sanakwatire. Zaka zake zomaliza anakhala ku San Remo m'dziko la Italy pamodzi ndi mphaka wake woduka mchira dzina lake Foss, amene anafa chakumapeto kwa 1887. Mbuye wake anatsatira pa 29 Januwale 1888, ndipo pa abwenzi ake akale a ku England panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafika pamaliropo.