Alovera wa m'phiri: mpanda wopirira chilala womwe umaitana choso

M'boma la Angónia mvula ikangosiya mu Epulo, zomera zambiri za pakhomo zimayamba kufota, ndipo madzi a pachitsime amasungidwira kumwa ndi kuthirira dimba. Koma pali chitsamba china chomwe chimachita maluwa pa nthawi yomweyi popanda kuchithirira. Akatswiri a zomera amachitcha Aloe arborescens, ndipo ambiri timangoti alovera wa m'phiri.

Kodi ndi chomera chotani?

Chitsambachi n'cha kuno kwathu. Chimamera chokha m'matanthwe a m'mapiri a Mozambique, Malawi, Zimbabwe ndi South Africa, monga ku Chimanimani, Mulanje ndi Zomba. Chimasiyana ndi alovera wogulitsidwa m'misika, yemwe kwawo ndi ku Arabia ndipo sakula msinkhu. Wa m'phiriyu amachita nthambi zambiri n'kutalika mamita 2 mpaka 3. Masamba ake ndi onenepa, a minga m'mbali, ndipo ndi momwe amasungamo madzi. Popeza anazolowera kumapiri, kuzizira kwa ku Ulongwe ndi ku Dómuè sikumuvuta, ngakhale chisanu chikakula chimatha kuwaula maluwa.

Choso ndi njuchi

Kuyambira Meyi mpaka Julayi chitsambachi chimatulutsa maluwa ofiira, aatali ngati timapaipi, odzaza timadzi totsekemera. Ndi timene choso amatsata. Pa Chipwitikizi kambalameka timakatcha beija-flor, dzina lomwe limatchulidwanso mbalame za ku America zomwa maluwa zikuuluka malo amodzi. Za ku America zija kuno ku Africa kulibe. Choso wathu nthawi zambiri amayamba watera pa phesi, kenako n'kulowetsa mlomo wake wokhota m'duwa, ndipo potero amanyamula mungu kupita nawo ku duwa lina.

Mlimi amapindulapo. Choso amagwira tizilombo ndi akangaude, makamaka akamalera ana. Njuchi nazonso zimapeza chakudya m'miyezi yozizira pomwe maluwa ali ochepa, zomwe zimathandiza amene ali ndi ming'oma.

Kabzalidwe kake

Njira yosavuta ndi yodula nthambi. Pemphani kwa mnansi amene ali nacho kale, osati kukazula cha m'phiri, chifukwa kumeneko chimagwira dothi la m'matanthwe.

1. Dulani nthambi yotalika masentimita pafupifupi 30 yokhala ndi masamba kunsonga, ndipo thotholani masamba ouma a m'munsi.
2. Igonekeni pamthunzi masiku angapo kuti bala liume. Mukaibzala bala lili laliwisi, imaola.
3. Sankhani malo owomba dzuwa, a dothi la mchenga kapena la timiyala. Ngati dothi ndi la makande, kwezani mzere monga mumachitira ndi mbatata kuti madzi asadikhe.
4. Zikani phesi lokha, masamba akhale pamtunda. Pofuna mpanda, siyani theka la mita mpaka mita imodzi pakati pa nthambi.
5. Thirirani pang'ono kamodzi pa sabata mpaka masamba atsopano aoneke, kenako lekani.

Nthawi yabwino ndi pamene maluwa atha ndipo kwayamba kufunda, cha mu Seputembala, kuti mizu igwire mvula yamphamvu isanafike. Mdani wamkulu wa chomerachi si dzuwa koma madzi ochuluka. Manyowa owolerana pang'ono akukwanira, feteleza n'ngosafunika. Lambulani udzu m'mbali mwa mpanda nyengo ya moto wolusa isanafike.

Pakatha zaka zingapo nthambi zimalukana n'kukhala mpanda wothithikana. Ku South Africa anthu akhala akutchinga nacho makola a ziweto kuyambira kale. Masamba ake ndi owawa kotero ziweto sizikonda kuwadya, komabe tetezani nthambi zongobzala kumene kuti mbuzi ndi nkhumba zisazizule.

Chenjezo pa za mankhwala

Utomoni woyera wa m'kati mwa tsamba ena amapaka pa bala laling'ono la moto, atayamba alitsira madzi ozizira. Bala lalikulu, kapena la mwana, thamangirani nalo kuchipatala. Madzi achikasu otuluka pansi pa khungu la tsamba amatsegula m'mimba kwambiri, choncho amayi oyembekezera ndi ana asamwe.

Alimi ambiri amadulira masamba a alovera m'madzi akumwa nkhuku. Dziwani kuti zimenezi siziletsa chitopa. Chomwe chimateteza nkhuku ndi katemera wodonthezera m'diso, yemwe amaperekedwa miyezi inayi iliyonse. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu tsiku la katemera, ndipo alovera mumusiyire ntchito yake yotchinga pakhomo ndi kudyetsa choso ndi njuchi.