Sukulu ya Sekondale ya Blantyre ndi Ana a ku Chigwa Kuno

Lero tikambirana mbiri ya sukulu imodzi yakalekale, Blantyre Secondary School, imene ambiri timangoitchula kuti BSS. Wina afunsa kuti, "Abusa, sukulu ya ku Blantyre ikutikhudza bwanji ife a ku chigwa?" Tcherani khutu, mumva.

Tiyambire kuno kwathu. David Livingstone anadzera mumtsinje wa Shire mu 1859, nafika kwa mfumu Chibisa ku Chikwawa. Bishopu Mackenzie wa mishoni ya UMCA anamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Ndiye kuti amishoni oyamba anaponda dothi lathu lino asanakhazikike kumtunda. Koma malungo ndi kutentha zinawagonjetsa. Mishoni imene inazika mizu ndi ya Church of Scotland, imene inamangidwa ku Blantyre mu 1876. Kuno ku chigwa tinadzalandira mishoni za Lulwe ndi Chididi kumapiri a Nsanje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Tsono tawerengani zaka. Kuchokera 1876 kufika 1940 ndi zaka 64. Zaka zonsezo Nyasaland inalibe sukulu ya sekondale ngakhale imodzi. Mwana anabadwa, nakula, nameza imvi, sekondale osaiona. Panali sukulu za m'midzi, sukulu za pamishoni, ndi malo ophunzitsira aphunzitsi, akalipentala ndi osindikiza mabuku. Wofuna kupitirira pamenepo ankayenera kutuluka m'dziko.

Chinachedwetsa n'chiyani? Boma la atsamunda linasiya maphunziro m'manja mwa amishoni, ilo nkumangoponyako kandalama kochepa. Dipatimenti ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, patapita zaka 35 chiyambire ulamuliro wa Angelezi mu 1891. Eni minda ya tiyi, fodya ndi thonje ankafuna antchito, akapitawo ndi makalaliki basi. Komanso John Chilembwe ataukira mu 1915, azungu ambiri anayamba kuopa munthu wakuda wophunzira. Koma makolo athu sanagone. Mabungwe a eni dziko, ndi anthu ngati Levi Mumba, anapitiriza kupempha kuti ana a dziko lino apatsidwe maphunziro apamwamba.

Mu 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, mishoni za Chiprotestanti zinagwirizana, boma nkuthandizapo ndi ndalama, ndipo BSS inatsegulidwa. Inali sekondale yoyamba m'dziko muno. Akatolika anatsegula yawo ku Zomba mu 1942, ija imatchuka ndi dzina loti Box 2. Boma lenilenilo linadzatsegula yake ku Dedza mu 1951. Taganizani, dziko lonse, kuchokera ku Karonga mpaka ku Port Herald, kulimbirana timalo tochepa chotero!

Port Herald ndi dzina lakale la Nsanje. Njanji yochokera kumeneko kupita ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908, yodzera ku Chiromo, Luchenza ndi Limbe. Mwana wa ku Nsanje akapeza malo ku BSS, njira yake inali imeneyo. Wa ku Chikwawa ankawoloka Shire nkukwera chitunda cha Thabwa. Kusiya kutentha kwa kuno, kukagona mozizira mphepete mwa phiri la Ndirande, pakati pa anzake olankhula Chiyao, Chilomwe ndi Chitumbuka, iye ali ndi Chisena kapena Chimang'anja chake.

Kodi sukulu imodzi ingasinthe dziko? Tamverani. Henry Masauko Chipembere, amene anabadwa mu 1930, anaphunzira pa BSS. Atachoka pamenepo anapita ku Goromonzi ku Southern Rhodesia, kenako ku Fort Hare ku South Africa. Mu 1956 anasankhidwa kulowa m'nyumba ya malamulo, nakhala mmodzi mwa achinyamata amene anatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland maso ndi maso. Dziko likulandira ufulu mu 1964, iye anali nduna ya maphunziro. Zimene azungu aja ankaopa zinachitikadi. Mwana amene waphunzira kuwerenga lamulo amadziwanso kufunsa chifukwa chake lamulolo likumupondereza.

Ngakhale m'Malemba zili momwemo. Danieli ndi anzake atatu anakhala pa maphunziro zaka zitatu ku Babulo asanaime pamaso pa mfumu. Anali anthu a pemphero, inde, koma mabuku sanawataye. Amene anamanga BSS anali anthu a mpingo. Ndiye asakunamizeni munthu kuti kalasi ndi kachisi ndi adani.

Lero BSS ilipobe. Ndi imodzi mwa sukulu zinayi za boma zimene zimatenga ana a m'dziko lonse, pamodzi ndi Dedza, Mzuzu ndi Lilongwe Girls. Kumeneko kumaphunzira anyamata ndi atsikana, ogonera konko. Mwana amasankhidwa malinga ndi mmene wakhozera mayeso a Sitandade 8, ndipo akafika Fomu 4 amalemba MSCE. Palibe choletsa mwana wa ku Makhanga kapena wa ku Dolo kupezeka pa mndandanda umenewo, koma mpikisano wake ndi woopsa.

Kuno kwathunso zinthu zinasintha. Tili ndi sekondale za Chikwawa, Ngabu, Bangula ndi Nsanje. Mu 1994 pulayimale inakhala yaulere, ana nkukhamukira kusukulu ngati dzombe. Mu 1998 malo aja a MCDE anasandutsidwa masukulu oyendera a CDSS kuti ana ambiri apeze malo. Chimene agogo athu ankakwerera sitima, lero chili pamtunda woti nkupita pa kabaza.

Koma tinene zoona, abale ndi alongo. Khomo latseguka, ana athu ambiri sakulowa. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anakokolola mabuku ndi madesiki, makalasi nkusanduka misasa ya anthu othawa madzi kwa masabata ambirimbiri. Mwana wa kuno amalemba mayeso omwewo ndi mnzake wa ku Blantyre amene sanaphonye tsiku limodzi. Njala ikavuta, mnyamata amasiya kope nkupita ku ganyu kudimba kapena kukawedza ku dambo. Mtsikana amene amachita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu, ufa ukamuthera, amagwa m'manja mwa amuna oipa mtima.

Madzi sitingawaletse kusefukira. Koma zina zili m'manja mwathu. Inu bambo, mbuzi zija zili m'khola, imodzi ingagule yunifolomu, makope ndi nsapato. Musamadikire maliro kapena ukwati kuti mugulitse chiweto. Inu mayi, lamulo la dziko lino kuyambira 2015 limaletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo mu 2017 zinalowa m'malamulo aakulu a dziko. Ng'ombe za malowolo zimatha, zimafa ndi matenda, zimapita ndi madzi. Satifiketi ikanyowa, zimene zili m'mutu mwa mwana zimatsala. Mtsikana amene anatenga mimba ali pasukulu, boma limamulola kubwerera akachira. Musamutsekere pakhomo chifukwa cha manyazi. Mulerereni khandalo, iye abwerere m'kalasi.

Ndipo ife a mipingo, tchalitchi chimene chili ndi sola chingathe kutsegula chitseko madzulo kuti ana a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 aziwerengeramo. Mayeso akayandikira, tisawatopetse ndi mapemphero ochezera usiku wonse. Tiwapempherere, apite akagone, mawa adzuke ndi mutu wabwino.

Mishoni zija zinali zosiyana ziphunzitso, koma pa nkhani ya mwana zinakhala pansi pamodzi nkumanga sukulu imodzi, nkhondo ili mkati, ndalama zili zosowa. Ife a Chikwawa ndi Nsanje tikanika bwanji kusonkherana fizi ya mwana wamasiye mmodzi pa mpingo uliwonse? Makolo athu anadikira zaka 64. Mwana wanuyo asadikirenso teremu ina. Lolemba likubwerali mudzutseni m'mamawa, mumuphikire phala, apite kusukulu. Ambuye akudalitseni nonse.