Anyamata 36 amene anavomera njala pansi pa bwalo la mpira

Mu Novembala 1944, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, anyamata 36 anasamukira m'zipinda za pansi pa bwalo la mpira la yunivesite ya Minnesota, mumzinda wa Minneapolis ku America. Sanapitire mpira. Anapita kukakhala ndi njala mwadala, madokotala akuwayang'anira ndi kulemba chilichonse chochitika m'matupi mwawo.

Mwini kafukufukuyu anali Ancel Keys, katswiri wa kagwiridwe ntchito ka thupi. Funso lake linali lomveka: anthu miyandamiyanda ku Ulaya ali ndi njala, nkhondo ikatha tidzawadyetsa chiyani, chochuluka bwanji, kuti matupi awo abwerere m'chimake? Kuti ayankhe, ankafunika anthu athanzi oti awaondetse kaye, kenako awadyetse.

Anawapeza pakati pa anyamata amene anakana kunyamula mfuti chifukwa cha chikumbumtima chawo, ambiri a iwo a mipingo ya Mennonite, Brethren ndi Quaker. Boma linkawatumiza ku ntchito za Civilian Public Service, monga kuzimitsa moto m'nkhalango ndi kusamalira odwala m'zipatala za matenda a maganizo. Kumeneko kunafika kapepala kokhala ndi chithunzi cha ana anjala, kofunsa ngati angalole kugona ndi njala kuti ena adzadye bwino. Oposa 200 anadzipereka, ndipo 36 anasankhidwa.

Masabata 12 oyamba anadya bwino, makalori pafupifupi 3,200 patsiku. Mu Febuluwale 1945 chakudya chinadulidwa pafupifupi pakati, ndipo zinakhala choncho kwa masabata 24. M'mbale munkapezeka kachewere, kabichi, buledi wakuda, makaroni ndi zina zofanana ndi zimene anthu a ku Ulaya ankapeza pa nkhondo. Pamwamba pa izi, aliyense ankayenda makilomita 35 pa sabata. Cholinga chinali choti aliyense ataye gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, ndipo anatayadi.

Za thupi sizidabwitsa: mtima unayamba kugunda pang'onopang'ono, mapazi anatupa, ankamva kuzizira ngakhale nyengo yotentha. Chimene chimandigwira ine ndi zomwe zinachitika m'mitu mwawo. Anyamata ophunzira, okonda kukangana za ndale ndi za Mulungu, anasiya zonsezo n'kumangokamba za chakudya. Ena anayamba kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe n'kumawawerenga usiku ngati nkhani yokoma. Ena ankathira madzi m'chakudya kuti chioneke chambiri, n'kumadya pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali, pomaliza n'kunyambita mbale. Chingamu ndi khofi zinafika poti madokotala anaika malire. Chilakolako cha akazi chinazilala. Kanthu kakang'ono, monga kudikira pamzere, kankawapsetsa mtima. Ena atabera n'kudya kunja, panaikidwa lamulo loti munthu asatuluke yekha popanda mnzake womuyang'anira. Ndipo ena anadzasimba pambuyo pake kuti sankadziona ngati owonda kwambiri ayi, koma anthu ena onse ndi amene ankaoneka onenepa.

Aliyense amene anawerengapo za anorexia nervosa, matenda amene munthu amadzimana chakudya mpaka kuika moyo pachiswe, azindikira mndandanda umenewu. Dzina la matendawa analipereka ndi dokotala wa ku England, William Gull, mu 1873, ndipo kwa nthawi yaitali khalidwe la odwalawa linkaoneka ngati lochokera m'maganizo awo okha, kapena ngati nkhutukumve chabe. Koma apa panali amuna amene anayezedwa kaye n'kupezeka abwinobwino m'thupi ndi m'maganizo, osafuna konse kuonda, ndipo njala yokha inawapatsa makhalidwe ambiri omwewo. N'chifukwa chake mpaka lero ochiza matenda a kadyedwe amafotokozera odwala awo nkhani ya ku Minnesota, ndiponso amaumirira kuti thupi lidyetsedwe kaye, chifukwa uphungu sulowa bwino m'mutu wanjala. Izi sizikutanthauza kuti anorexia ndi njala basi. Anyamata a ku Minnesota ankafuna kudya, pamene wodwala anorexia amaopa kudya. Koma zinathandiza kusiyanitsa zimene matenda amayambitsa ndi zimene njala imawonjezera.

Nthawi yodyetsedwanso, imene mungaganize kuti inali ya chikondwerero, kwa ena ndi imene inavuta kwambiri. Chakudya chinkawonjezeredwa pang'onopang'ono ndipo njala siinkatha. M'nyengo imeneyi mmodzi anadzidula zala zitatu ndi nkhwangwa. Malire atachotsedwa, ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kukhuta, ndipo zinawatengera miyezi kuti kadyedwe kabwerere. Zimenezi zimafanana ndi kudya kosadziletsa kumene kumabwera munthu akadzimana nthawi yaitali, komwe kumaoneka mu bulimia nervosa, matenda amene Gerald Russell anadzawafotokoza mu 1979. Keys anapezanso kuti mavitamini ndi mapuloteni owonjezera sankathandiza kwenikweni ngati chakudya chenichenicho chili chochepa. Munthu wochira ankafunika makalori pafupifupi 4,000 patsiku.

Tsono funso limene ndakhala ndikulimbana nalo ndi ili: kodi anyamatawa anavomera mwaufulu? Mbali imodzi, inde. Anauzidwa chimene chidzachitike, palibe amene anawakoka, ndipo poyerekeza ndi zimene madokotala a chipani cha Nazi ankachita kwa akaidi m'zaka zomwezo, kusiyana kwake n'kwa usana ndi usiku. Koma taganizani za mnyamata amene anzake a kusukulu akufera ku France, iye anthu akumutcha wamantha. Wina akubwera n'kumuuza kuti nayi njira yoti nawenso uvutike m'thupi chifukwa cha ena. Kukana kukanamuvuta. Ndipo njala itamusokoneza mutu pa sabata la 20, kodi "inde" amene ananena ali wokhuta anali akadali wake? Ine ndikuona kuti chivomerezocho chinali chenicheni, koma chinaperekedwa ndi anthu amene dziko linali litawapanikiza kale, ndipo Keys anapindula ndi kupanikizikako ngakhale sanakuyambitse ndi iye.

Malamulo amene amateteza olowa m'kafukufuku wa zachipatala anabwera pambuyo: Nuremberg Code mu 1947, Declaration of Helsinki mu 1964. Lero komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku singalole kuondetsa anthu athanzi chonchi, ndiye kafukufukuyu sangabwerezedwe. Mtsikana amene lero akusaina fomu yolowa m'kafukufuku woyesa chithandizo cha anorexia ali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse, koma zambiri zimene dokotala wake akudziwa za mutu wanjala zinachokera kwa amuna amene anavomera pansi pa malamulo ofooka kuposa amenewo.

Chowawa china n'chakuti zotsatira zinachedwa. Nkhondo ku Ulaya inatha mu Meyi 1945, anyamatawa akadali pakati pa njala yawo. Kabuku kothandiza ogwira ntchito yopereka chakudya, Men and Hunger, kanatuluka mu 1946, koma lipoti lonse, The Biology of Human Starvation, la masamba 1,385 m'mabuku awiri, linatuluka mu 1950, ntchito yaikulu yodyetsa Ulaya itachitika kale. Amene anadzapindula kwa nthawi yaitali ndi odwala matenda a kadyedwe, omwe sanali pa kapepala kaja.

Patapita zaka pafupifupi 60, Leah Kalm ndi Richard Semba anacheza ndi 18 mwa amene anali akadali moyo, n'kusindikiza zimene anamva mu 2005. Anali nkhalamba za zaka zopitirira 80. Ankakumbukirabe kuzizira kuja ndi mbale zonyambitidwa zija, ndipo atafunsidwa ngati akanavomeranso, ambiri anati akanatero.