Magalimoto Odulidwa Msana ndi Msewu wa ku Chitala

Ku America kuli anthu amene amatha zaka akukangana za nkhani imodzi: pa magalimoto aang'ono a zitseko ziwiri aja amati coupe, opangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanafike kwawoko, yoyenera kuigula n'kuisintha maonekedwe ndi iti? Wina amafera Willys ya 1941, wina Terraplane ya kampani ya Hudson, wina Studebaker, winanso Graham. Makampani onsewa adaleka kalekale kupanga magalimoto m'maina amenewa, ndipo kusowa kwakeko ndiye kumakoka mtima. Akaipeza amadula denga kuti litsike, amaitsitsa mpaka mimba kutsala pang'ono kukwecha phula, n'kuikamo injini yaikulu. Mwambowu udayambira ku California m'zaka za m'ma 1930, pamene anyamata ankathamangitsana pa nyanja zouma za m'chipululu monga Muroc. Zimene ambiri sadziwa n'zakuti m'zaka zomwezo magalimoto a ku America ankadulidwanso kuno kwathu, kungoti sowo inkalowera kwina. Iwo ankatsitsa, kuno ankakweza. Iwo ankachotsa zolemera kuti liwiro lichuluke, kuno ankachotsa msana kuti katundu akwane. Mfundo yanga ndi yakuti luso lathu losintha magalimoto, limene ena amaliona ngati kuononga chabe, lidabadwa kuchokera ku msewu ndi katundu, ndipo dera la Chitala ku Salima likuonetsa bwino chifukwa chake.

Chitala ili m'chigwa cha kunyanja, kumene njira yochokera ku Salima imayamba kulunjika zitunda za ku Dowa popita ku Lilongwe. Salima ndi Lilongwe atalikirana pafupifupi makilomita 100, koma pa mtunda umenewu munthu amakwera mamita oposa 500. Kumunsiku kuli malo a dothi lakuda la makande, limene thonje limakonda koma tayala limadana nalo: mvula ikagwa limamata, dzuwa likaomba limang'ambika ming'alu. Kalelo derali lidalinso ndi kashembe, moti kufupi ndi Domira Bay kudabuka matenda a kaodzera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kumene kuli kashembe ng'ombe sizikhalitsa, ndiye kuti ngolo panalibe. Katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga, ndipo bwana ankayenda pa machila. Kenaka zinthu ziwiri zidachitika motsatizana. Fodya wa alimi a m'midzi adakula kwambiri ku Lilongwe ndi ku Dowa kuyambira pamene A. F. Barron adakhazikika ku Mbabzi cha m'ma 1920, mpaka boma la atsamunda lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board mu 1926. Ndiyeno mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima, chaka chomwenso mlatho waukulu wa pa Zambezi udatsegulidwa. Njanjiyo idathera pomwepo kwa zaka zoposa 40, chifukwa ku Lilongwe idakafika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Nthawi yonseyi, mabelo a fodya otsikira ku sitima ndi katundu wa m'masitolo wokwera kumtunda ankadalira matayala anayi ndi msewu.

Munthu angadabwe kuti dziko lolamulidwa ndi Angelezi linkadzaziranji magalimoto a ku America. Yankho lili m'malamulo a msonkho a ku Britain komweko. Kuyambira 1921, msonkho wa galimoto kumeneko unkawerengedwa potengera kukula kwa mabowo a injini, choncho makampani awo adazolowera kupanga tiinjini tating'ono toyenera misewu yosalala ndi maulendo aafupi. Ku America kunali kosiyana. Mlimi wa ku Iowa kapena ku Kansas ankalimbana ndi matope ofanana ndi athu, ndipo galimoto yake inali yotalika miyendo, ya injini yaikulu yozungulira mofatsa, ya chasisi cholimba ndi masipuling'i a masamba amene aliyense wodziwa kusula akadatha kuwakonza. Panalinso khomo lina lolowera: kampani ya Ford ya ku Canada, yomwe idayamba mu 1904, ndiyo inkatumiza magalimoto m'maiko a ufumu wa Britain, chiwongolero chili kumanja. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1920, Ford ndi General Motors adali atatsegula mafakitale olumikiza magalimoto ku Port Elizabeth ku South Africa. Maina ena monga Hupmobile, Hudson, Studebaker ndi Dodge ankagulitsidwanso kum'mwera kwa Africa, koma Ford ndi Chevrolet ndiwo adali ponseponse.

Tsono coupe, mmene idachokera ku fakitale, inali galimoto ya anthu awiri kapena atatu. Ina mwa mitundu yake idapangidwira amalonda oyendayenda: mpando wakumbuyo kulibe, buti yaikulu yoikamo zitsanzo za katundu. Kwa wogula thonje, mwini sitolo kapena mmishonale wa kumudzi, buti imeneyo inali yochepa, ndiponso denga lachitsulo lotsekeka linkawotcha m'nyengo ya chilimwe ya kunyanja. Njira imene idafala kum'mawa ndi pakati pa Africa inali yogula chasisi, injini ndi boneti, kapena kudula galimoto yakale kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, n'kuipereka kwa kalipentala. Iye ankakhoma bokosi lamatabwa, kuimika mizati inayi, kufolera denga lopepuka, m'mbali n'kupachika chinsalu chokulunga chotsitsa mvula ikayamba. Pa masipuling'i akumbuyo ankawonjezera tsamba limodzi kapena awiri kuti msana usagwade. Kunja ankamangirira khasu, nkhwangwa, chingwe, matcheni a matayala ndi petulo, amene masiku amenewo ankabwera m'zitini za magaloni anayi, ziwiri m'bokosi limodzi lathabwa. Ngakhale kayendetsedwe kankatengera galimotoyo. Ford yakale ya Model T inalibe pampu ya mafuta, petulo ankangotsika yekha kuchokera m'thanki, moti pa chitunda chachikulu thanki ikachepa injini inkazima, ndipo mankhwala ake kunali kutembenuka n'kukwera chafutambuyo.

Wina anena kuti uku sikusintha galimoto mwaluso ayi, ndi umphawi: munthu wosowa ndalama ya lole akuwononga galimoto yokongola. Mfundoyi ili ndi mbali yoona, pakuti amene adali ndi ndalama ankaguladi lole. Koma tiyeni tione zimene mafakitale eni ake adachita. Mu 1934 Ford ya ku Australia idatulutsa galimoto yomwe kutsogolo inali coupe, kumbuyo bokosi la katundu, poyankha pempho la alimi. Mu 1937 Studebaker idatulutsa Coupe Express ya maganizo omwewo, ndipo idaipanga mpaka 1939. Hudson nayo idaika mu Terraplane bokosi lachitsulo lotuluka m'buti ngati dulowa ya tebulo. Akatswiri a m'mafakitalewa adafika pa yankho limene akalipentala a kuno adali atalipeza kale ndi sowo ndi misomali. Ngati pa fakitale chimatchedwa nzeru, sindikuona chifukwa chochitchulira dzina lina chikachitikira pansi pa mtengo wa mango.

Pa funso loti galimoto yabwino kusankha ndi iti, msewu wa kuno udali ndi yankho lopanda chifundo, ndipo ndi losemphana ndi la okonda magalimoto a ku America lero. Iwo amafuna yosowa. Kuno yosowa inali tsoka. Akiselo ikathyoka pakati pa Chitala ndi Mvera, mwini Ford kapena Chevrolet ankadziwa kuti penapake pali inzake yakufa yoti n'kuchotsako chitsulo. Mwini galimoto ya kampani yaing'ono ankalemba kalata kunja n'kudikira sitima miyezi. Zinthu zidaipiratu makampaniwo atayamba kugwa: Reo idasiya magalimoto aang'ono mu 1936, Hupmobile ndi Graham adasiya kupanga magalimoto cha m'ma 1940, ndipo mu February 1942 America yonse idaimitsa kupanga magalimoto a anthu wamba chifukwa cha nkhondo. Hudson idamezedwa mu 1954, Packard idatha mu 1958, Studebaker mu 1966. N'chifukwa chake n'kovuta kupeza coupe yathunthu ya nthawi imeneyo m'dziko muno. Sikuti anthu sankaisamala. Galimoto ikafa sinkatayidwa, inkagawidwa: akiselo ndi matayala kupita ku ngolo, masamba a sipuling'i kwa osula zikwanje ndi nkhwangwa, mipando pakhonde.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi chakuti mbiri yonseyi ndi ya azungu ndi amwenye, popeza ndiwo adali eni magalimoto, pamene mlimi wa thonje wa ku Chitala ankangoona fumbi lake. Umwiniwo n'zoona, ndipo palibe chifukwa choukometsera. Koma mwini galimoto ndi wodziwa galimoto nthawi zambiri sadali munthu mmodzi. Wopukusa chitsulo choyatsira injini m'mawa, wothira madzi mu ladiyeta ikawira pachitunda, womata chubu, wodula nthambi kuyala m'matope, adali Mmalawi. Ena adakaphunzira ntchitoyi ku Salisbury ndi ku Joni, ena adabwera nayo kuchokera ku nkhondo, kumene asilikali a King's African Rifles ena adaphunzitsidwa kuyendetsa ndi kukonza malole. Eni ake atachoka, luso lidatsala m'manja amenewo, ndipo lidangosintha maina a magalimoto. Peugeot 404 ndi ma Datsun adalandira makwerero ndi zitsulo za m'mbali n'kukhala matola. Lero wowotcherera wa pa Kamuzu Road ku Salima amakweza kumbuyo kwa Toyota Sienta kapena Probox yochokera ku Japan kuti inyamule matumba a mtedza, ndipo wogula asanafunse za mtundu wa penti amayamba wafunsa ngati masipeyala ake amapezeka ku Lilongwe.