Arvo Pärt ndi Nyimbo Zopanda Mawu

M'chaka cha 1968, pamene boma la Malawi linkakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, akuluakulu a Soviet ku Estonia analetsa nyimbo ya Arvo Pärt yotchedwa Credo chifukwa cha mawu ake achikhristu. Pärt, yemwe anaphunzira kwa Heino Eller ku Tallinn, anatha zaka pafupifupi 8 akupeka zochepa chabe. Mu 1976 anayamba njira yotchedwa tintinnabuli, kutanthauza timabelu. Potsatira njirayi anapeka Fratres mu 1977 ndi Spiegel im Spiegel mu 1978, nyimbo zomwe lero zimaimbidwanso pa cello ndi piyano. M'nyimbozi mulibe mawu oti wounika awaloze chala. Komabe zimenezi sizinathetse kusamvana kwake ndi boma, ndipo mu 1980 iye ndi banja lake anasamukira ku Vienna, kenaka ku Berlin.