Chifukwa chake mavoti ochepa amabala mipando yambiri ku Britain

Pa chisankho cha pa 4 July 2024, chipani cha Labour chinapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 alionse, koma chinatenga mipando 411 mwa mipando 650 ya m'Nyumba ya Malamulo ya House of Commons. Chipani cha Reform UK chinavoteredwa ndi anthu oposa 4 miliyoni n'kulowetsa aphungu asanu okha. A Liberal Democrats, amene mavoti awo anachepa poyerekeza ndi a Reform, analowetsa aphungu 72. Palibe amene anabera. Malamulo a chisankho kuno amagwira ntchito choncho, ndipo ife Amalawi okhala m'dziko lino tiyenera kuwadziwa bwino, chifukwa amatikhudza.

Dziko lonse linagawidwa m'madera 650, ndipo dera lililonse limasankha phungu mmodzi. Amene waposa anzake wapambana, ngakhale awapose ndi voti imodzi yokha, ngakhale ambiri m'deralo sanamufune. Ku South West Norfolk, mu 2024 momwemo, a Terry Jermy a Labour anagwetsa a Liz Truss, amene anakhalapo nduna yaikulu, ndi mavoti osakwana 27 pa 100 alionse. Anthu oposa 70 pa 100 alionse m'deralo anavotera ena, koma phungu wawo ndi a Jermy. Nduna yaikulu siivoteredwa payokha. Mtsogoleri wa chipani chimene chili ndi aphungu ambiri m'Nyumbamo ndiye amapanga boma.

Azungu ambiri kuno amaganiza kuti dongosololi lakhala chonchi chiyambire. Si zoona. Kwa zaka mazana ambiri, maboma a ku England ndi matauni amene mafumu anawapatsa chilolezo ankatumiza aphungu awiriawiri, ndipo mndandanda wa matauniwo sunkasinthidwa ngakhale anthu asamuke. Old Sarum, phiri lina pafupi ndi Salisbury, linatsala bwinja anthu atachokapo kalekale, koma linkatumizabe aphungu awiri osankhidwa ndi anthu owerengeka. Dunwich, tauni imene mbali yaikulu inali itamira m'nyanja, nayo inali ndi aphungu awiri. Pamenepo n'kuti Manchester, Birmingham ndi Leeds, mizinda yodzaza ndi mafakitale ndi antchito, ilibe phungu wakewake. Mipando ya mabwinjayo inali chuma cha mabanja olemera, ankaigulitsana ngati minda.

Kusintha kunadza ndi magazi. Pa 16 August 1819, khamu la anthu pafupifupi 60,000 linasonkhana ku St Peter's Field ku Manchester kupempha kuti nawonso akhale ndi owaimira. Asilikali okwera pa akavalo analowa pakati pawo ndi malupanga, anthu oposa khumi anafa, mazana anavulala. Tsikulo limakumbukiridwa ndi dzina loti Peterloo. Lamulo la 1832 linachotsa aphungu m'matauni 56 a mtundu wa Old Sarum n'kupereka mipando ku mizinda yatsopano, komabe ovota anali amuna a katundu okha. Gulu la Chartists linayamba kulimbana mu 1838 kuti mwamuna aliyense azivota, mwachinsinsi, komanso kuti madera azikhala ndi anthu ofanana kuchuluka. Voti yachinsinsi inafika mu 1872. Chisanafike chaka chimenecho munthu ankatchula poyera amene wamusankha, bwana wake kapena mwini nyumba yake akumva.

Pamene pagona nkhani ndi m'zaka za 1884 ndi 1885. A William Gladstone, nduna yaikulu ya chipani cha Liberal, ankafuna kupereka voti kwa antchito a kumidzi. A Lord Salisbury a chipani cha Conservative anatsekereza lamulolo ku House of Lords mpaka atagwirizana za kagawidwe ka madera. Atsogoleri a zipani ziwirizo anakambirana ku London, ndipo lamulo la 1885 linaduladula maboma ndi mizinda ikuluikulu kukhala madera a phungu mmodzimmodzi. A Salisbury anaona patali. Mzinda ukavota wonse pamodzi, antchito ankameza mavoti a anthu opeza bwino okhala m'mphepete mwake. Ukadulidwa, mbali za olemerazo zinayamba kutulutsa aphungu a Conservative. Madera otsala a aphungu awiri, pamodzi ndi mipando ya mayunivesite monga Oxford ndi Cambridge, anathetsedwa ndi lamulo la 1948, ndipo chisankho cha 1950 ndicho choyamba chimene dera lililonse linasankha munthu mmodzi. Amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo anayamba kuvota mu 1918, ndipo anafanana ndi abambo mu 1928.

Choncho dongosolo limeneli linapangidwa ndi zipani ziwiri zikuluzikulu, ndipo mpaka lero limakomera chipani chimene anthu ake aunjikana pamalo amodzi, n'kupweteka chimene anthu ake amwazikana. Mu 1983 mgwirizano wa Liberal ndi SDP unapeza mavoti 25 pa 100 alionse ndi mipando 23, pamene Labour, ndi mavoti osafika 28 pa 100 alionse, inapeza 209. Mu 2015 chipani cha UKIP chinapeza mavoti pafupifupi 4 miliyoni ndi mpando umodzi, pamene chipani cha SNP chinakokolola mipando 56 mwa 59 ya ku Scotland. Mu 1951 Labour inaposa Conservative pa mavoti, koma amene anapanga boma ndi a Winston Churchill a Conservative.

Oikira kumbuyo dongosololi ali ndi mfundo, ndipo ina ndimaivomereza. Munthu amadziwa phungu wake ndi dzina. Makalata ako a chilolezo chokhala m'dziko akachedwa, kapena mwini nyumba akakuvutitsa, pali ofesi m'dera lako imene ungapiteko. Boma likalephera, n'kosavuta kuligwetsa. Anthu atafunsidwa pa referendamu ya 5 May 2011 ngati akufuna njira ina yotchedwa Alternative Vote, pafupifupi 68 pa 100 alionse anakana. Komabe mtima wanga sugwirizana ndi zoti boma limene anthu awiri mwa atatu alionse sanalivotere lizitha kudutsitsa lamulo lililonse limene lafuna. Nyumba za malamulo za ku Scotland ndi Northern Ireland zimasankhidwa m'njira zimene mipando imayenderana ndi mavoti, ndipo anthu kumeneko anazolowera.

Kwathu tikuidziwa nkhani imeneyi, pakuti kasankhidwe ka aphungu athu tinatengera konkuno. Mu 2019 a Peter Mutharika analengezedwa kuti apambana pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko ndi mavoti osafika 39 pa 100 alionse, ndipo pa 3 February 2020 khothi linafafaniza zotsatirazo n'kugamula kuti mtsogoleri wa dziko azipeza mavoti oposa theka, 50+1 ija. Koma aphungu athu akusankhidwabe monga a kuno ku Britain.

Abale anga, Malawi ndi Zambia ali mu Commonwealth, ndipo nzika ya Commonwealth imene ili ndi chilolezo chokhala mu UK ili ndi ufulu wolembetsa ndi kuvota pa chisankho cha aphungu, ngakhale ilibe pasipoti ya dziko lino. Ku Hendon, kumpoto kwa London, mpando unapita ndi mavoti 15 okha mu 2024. Fufuzani dzina la dera lanu ndi m'mene mavoti anayendera ulendo watha, lembetsani kudzera pa intaneti kapena ku khonsolo ya kwanuko, ndipo pa tsiku lovota musaiwale chiphaso chokhala ndi chithunzi chanu.